MIZUKWA YA M'MAHOTELA: PAMENE AKUFA ASANDUKA MALONDA

Chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukamayandikira, ife Akatolika timayamba kukonzekera kukumbukira abale athu amene adatsogola. Timalambula kumanda, timalemba mayina a akufa athu pa timapepala n'kukapereka kwa ansembe, ndipo pa 2 Novembala timasonkhana pa Nsembe ya Misa kuwapempherera kuti Mulungu awalandire mu mtendere wake. Koma m'masiku omwewo, kutsidya kwa nyanja, ku America ndi ku Canada, kumakhala msonkhano wina wokhudzanso akufa. Kumeneko kuli mahotela ena akuluakulu amene amadzaza ndi alendo kumapeto kwa Okutobala chifukwa cha mbiri yakuti m'kati mwake mumayenda mizukwa. Munthu amalipira ndalama zambiri kuti agone m'chipinda chimene akuti mudafera wina, ndipo kukacha asadamve mtswatswa uliwonse, amachoka ali wokhumudwa ngati mlenje wobwerako chimanjamanja.

Kale nkhani zimenezi zidali kutali nafe. Lero zalowa m'nyumba zathu kudzera m'mafilimu ndi m'mafoni a ana athu, ndipo achinyamata a m'parishi amatifunsa kawirikawiri kuti: "Abambo, kodi zimenezi n'zoona?" Funsoli n'labwino, koma yankho lakuti inde kapena ayi silikwanira. Nthano ndi ntchito ya manja a anthu, monga nyimbo kapena chosema, ndipo iyenera kuikidwa pa sikelo. Tifunse kuti adaiyambitsa ndani, amapindula nayo ndani, imaonetsa chiyani, ndipo makamaka imabisa chiyani. Tiyeni tsono tiyendere mahotela atatu otchuka pa nkhani za mizukwa, tione chimene nthano zawo zimachita ndi anthu akufa.

Chipinda cha nambala 217

Tiyambe ndi Stanley Hotel, imene ili m'tauni ya Estes Park, m'mapiri a Colorado ku America. Adaimanga ndi Freelan Oscar Stanley, munthu wachuma amene pamodzi ndi mbale wake ankapanga galimoto zoyendera nthunzi. Mkuluyu adapita kumapiriko mu 1903 akudwala chifuwa chachikulu, pofuna mpweya wabwino, ndipo adapezako bwino kotero kuti adakhala ndi moyo mpaka 1940, namwalira ali ndi zaka 91. Hotelayo idatsegulidwa mu 1909. Chiyambi cha nyumbayi tsono ndi nkhani ya munthu wodwala amene adachira, yopanda choopsa chilichonse.

Mu 1974, nyengo ya alendo itatha, mlembi wina dzina lake Stephen King adagona m'menemo usiku umodzi pamodzi ndi mkazi wake, m'chipinda cha nambala 217. Hotelayo idali pafupi kutsekedwa chifukwa nyengo yachisanu idali itayandikira, ndipo awiriwa adali alendo okhawo m'chinyumba chonsecho. Mwini wake adafotokoza pambuyo pake kuti usiku umenewo adalota mwana wake wamng'ono akuthamanga m'makonde a hotelayo akukuwa, paipi yozimitsira moto ikumpirikitsa. Podzuka, mutu wa buku udali utabadwa m'maganizo mwake. Bukulo, lotchedwa The Shining, lidatuluka mu 1977, ndipo mu 1980 Stanley Kubrick adalisandutsa filimu imene idamveka dziko lonse.

Tiyang'anitsitse m'mene zinthu zidatsatanirana. Choyamba chidali loto la mlendo wotopa, kenaka buku, kenaka filimu, ndipo pambuyo pa zonsezi m'pamene mbiri ya mizukwa ya m'hotelayo idakula n'kuyamba kuitana alendo. Kubrick sadajambule n'komwe filimu yake ku Estes Park. Kunja kwa nyumba kumene timaona m'filimumo ndi kwa Timberline Lodge, ku Oregon, ndipo m'kati mwake adachita kumanga m'nyumba yojambulira mafilimu ku England. Eni ake a Timberline adapempha kuti nambala ya chipinda isinthidwe kukhala 237, poopa kuti alendo azidzakana kugona mu 217. Iwowa sadaudziwe bwino mtima wa munthu, pakuti ku Stanley Hotel chipinda cha 217 ndicho chidasanduka cholimbirana. Chinanso n'chakuti m'filimumo muli munda wa zitsamba zodulidwa ngati makoma, wa njira zokhotakhota zosokeretsa, umene m'buku mulibe ndiponso pa hotelapo padalibe. Mu 2015 eni hotela adadzala munda wotero, kuti alendo azipeza zimene adaona pa kanema. Apatu mthunzi ndiwo udabala mtengo.

Pali nthano imodzi ya m'hotelayi imene imatikhudza mtima mwa njira imene oifotokoza sayembekeza. Mu 1911 mpweya woyatsira nyali udaphulika m'nyumbamo, ndipo mayi wina wosamala zipinda adavulala kwambiri. Nkhani imati adachira nabwerera pa ntchito yake. Lero alendo amauzidwa kuti mzimu wa mayiyu umayendabe m'chipinda cha 217, kupinda zovala za alendo ndi kuwalongera katundu. Omva amaseka, ena amachita nthumanzi yokoma. Koma taganizani: mayi amene adatha masiku ake akuyala makama a anthu olemera, nthano siimlola kupumula ngakhale m'manda. Imamdzutsa kuti apitirize ntchito yomweyo, ndipo tsopano akuigwira popanda malipiro, phindu lonse likupita kwa eni nyumba. Ife tikaika maliro timapempha mpumulo wosatha. Nthano iyi imapempha ntchito yosatha.

Buku loposa malonda amene lidabala

Chilungamo chifuna kuti tinene kuti buku la Stephen King n'lozama kuposa malonda amene adamera pa ilo. Sitikuliyamikira kwa ana, chifukwa muli mawu olaula ndi nkhanza zimene sizoyenera maso awo. Koma munthu wamkulu akaliwerenga mofatsa amazindikira msanga kuti choopsa chenicheni m'menemo si mizukwa. Nkhani yake ndi ya bambo wina, Jack Torrance, mphunzitsi amene adachotsedwa ntchito, amene akuyesa kuleka mowa, ndipo tsiku lina ataledzera adathyola mkono wa mwana wake. Iyeyu alandira ntchito yolondera hotela yakumapiri m'nyengo yachisanu, napita kumeneko ndi mkazi wake Wendy ndi mwana wawo Danny, wa zaka zisanu. Misewu itatsekeka ndi chipale, banjali litsala lokha. Zoipa za m'nyumbamo zilephera kulanda mwanayo mwa izo zokha. Zifuna khomo lolowera, ndipo khomolo zilipeza mumtima wa bambo: ludzu lake la mowa, kunyada kwake kovulala, ndi mkwiyo umene adautengera kwa bambo wake. Mlembi mwini adavomera poyera pambuyo pake kuti m'zaka zimenezo iyenso ankalimbana ndi mowa.

Pamenepa bukuli likunena zoona, ndipo zoonazo sizifuna hotela ya ku Colorado kuti zimveke. Alipo ana ambiri, ngakhale m'maparishi athu, amene amagona khutu lili tcheru, kumvetsera mapazi a bambo wawo pochokera kumowa, kuti adziwe ngati usikuwo ukhala wamtendere kapena wa misozi. Mwana wotere safunsa ngati mizukwa ilipo. Nyumba yake yomwe idasanduka kale malo oopsa, ndipo chomuopsacho chili ndi nkhope ya munthu amene amamkonda.

Tionenso kusiyana kwa buku ndi filimu, pakuti n'kofunika. M'buku, pa mphindi yomaliza, bamboyo atsitsimuka kanthawi kochepa, auza mwana wake kuti athawe, namtsimikizira chikondi chake. Wophika wa pa hotelapo, Dick Hallorann, ayenda ulendo wautali m'chipale kudzapulumutsa mayi ndi mwana, ndipo awapulumutsadi, nyumba yoipayo n'kupsa. M'filimu wophikayo aphedwa atangolowa pakhomo, bamboyo afa ndi chisanu asadatsitsimuke konse, ndipo nyumbayo itsala chiimire. Filimuyi idajambulidwa mwaluso lalikulu, palibe wokana, koma idachotsa kachifundo kamene bukulo lidasunga. King mwini sadakondwe nayo. Chomvetsa chisoni n'chakuti malonda a mizukwa adatola chigoba cha nkhaniyi, ndiye kuti makonde aatali ndi nambala ya chipinda, nataya mtima wake, umene ndi funso lopita kwa bambo aliyense: kodi ana ako amakuopa kapena amakukhulupirira?

Mkwatibwi wopanda dzina

Ku Canada, m'mapiri a Alberta, kuli Banff Springs Hotel, imene kampani ya njanji ya Canadian Pacific idatsegula mu 1888. Nthano yake yotchuka ndi ya mkwatibwi amene akuti adafera pa masitepe a m'hotelamo pa tsiku la ukwati wake. Ena amati adapunthwa pa diresi lake nagwa. Ena amati diresilo lidagwira moto wa kandulo. Akuti mpaka lero amaoneka atavala zoyera, akuvina yekha. Nthanoyi idakula kotero kuti mu 2014 a positi a ku Canada adatulutsa sitampa yokhala ndi chithunzi cha mkwatibwi wamzukwayo.

Chimene chimatidabwitsa ife n'chimodzi: m'nthano yonseyi mkwatibwiyo alibe dzina, alibe mayi womlira, alibe mudzi kumene adakaikidwa. Ngakhale mwamuna amene adati amkwatire sitimvanso za iye. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Hotela ndi nyumba ya mame otere: anthu amafika usiku, kum'mawa apita, ndipo palibe amene amadziwa kwawo kwa mnzake wa chipinda choyandikana. N'chifukwa chake nthano za mizukwa zimamera bwino m'mahotela. Munthu wofera pakati pa abale ake amakhala ndi mbiri yodziwika, ndipo wina akamnamizira, mbumba yake imamtsutsa. Koma wofera m'nyumba ya alendo alibe womuimira, ndipo aliyense angathe kumuveka nthano imene afuna. Mzukwa wa m'hotela ndiye munthu wakufa amene wachotsedwa ubale wonse, n'kungotsala diresi loyera ndi mantha ogulitsika.

Chipatala chabodza cha pa phiri

Tifike tsopano pa hotela yachitatu, pamene nkhaniyi isiya kukhala yoseketsa. Ku Eureka Springs, m'chigawo cha Arkansas ku America, pamwamba pa phiri pali Crescent Hotel, nyumba yaikulu ya miyala imene idatsegulidwa mu 1886. Eni ake amailengeza kuti ndiyo hotela ya mizukwa yambiri kuposa ina iliyonse m'dzikomo, ndipo usiku alendo amalipira kuti awayendetse m'makonde mwake. Amawauza za mmisiri wa miyala wa ku Ireland amene akuti adagwa n'kufa pomanga nyumbayo, ndipo amasewera ndi zitseko za chipinda cha 218. Amawauzanso za mayi wina wa m'chipinda cha 419 amene akuti amaoneka akufunafuna makiyi ake. Ulendowo umathera m'zipinda zapansi, kumene kale ankasungirako mitembo.

Kodi mitembo idafunanji m'hotela? Apa nthano ikutha, mbiri yeniyeni ikuyamba. Mu 1937 nyumbayi idagulidwa ndi Norman Baker, munthu wa ku Muscatine, m'chigawo cha Iowa. Baker sadaphunzirepo za udokotala. Adali wochita zisudzo ndi masewera odabwitsa anthu, kenaka adakhala mwini nyumba ya wailesi yotchedwa KTNT. Pa wailesiyo ankanyoza madokotala enieni kuti ndi anthu adyera ongofuna kucheka odwala, nalengeza kuti iye ali ndi mankhwala ochiza khansa popanda mpeni. Boma litamtsekera wailesi yake mu 1931, adakatsegula ina ku Mexico, pafupi ndi malire, kuti mawu ake azimvekabe ku America. Ataletsedwa ntchito yake ku Iowa chifukwa chochiza anthu wopanda chilolezo, adasamukira ku Arkansas, nasandutsa Crescent Hotel chipatala cha khansa.

Mankhwala ake adali madzi osakaniza ndi zinthu monga nthanga za mavwende, ndevu za chimanga, masamba a kamsipu kena ndi asidi, ndipo ankawabaya m'matupi a odwala. Makalata ake okopa adafika m'nyumba zambirimbiri, ndipo anthu adabwera kuchokera kutali, atanyamula ndalama zimene mabanja awo adasonkha movutikira, pakuti zidali zaka za umphawi waukulu m'dzikomo. Madziwo sadathe kuchiza khansa. Odwala adataya ndalama, adataya nthawi imene akadalandira chithandizo chenicheni, ndipo ena adafera pa phiripo, kutali ndi kwawo. Mu 1940 khoti lidampeza Baker wolakwa pa mlandu wonyenga anthu kudzera m'makalata a papositi, nalamulidwa kukhala zaka zinayi m'ndende ya Leavenworth. Adamwalira mu 1958 ku Florida. Mu 2019, pokonza bwalo la kuseri kwa hotelayo, adafukula dzala la mabotolo mazanamazana a nthawi ya Baker, ena ali ndi mankhwala ake, ena ali ndi tizidutswa ta mnofu tosungidwa m'madzi oletsa kuwola.

Tsono tiime pano, tifunse mwachifatse. Anthu amene adagona m'zipinda zapansizo adali amayi ndi abambo a anthu, amene adakwera phiri limenelo ndi chiyembekezo chomwecho chimene aliyense wa ife amakhala nacho poperekeza wodwala wake kuchipatala. Adanyengedwa ali moyo, ndipo wonyengayo adalemera ndi ululu wawo. Lero atamwalira, malo amene mitembo yawo idagona asanduka chionetsero, ndipo ululu womwewo ukubweretsanso ndalama kachiwiri. Sitikunena kuti eni hotela a lero ndi ofanana ndi Baker, ayi. Iwo sadaphe munthu, ndipo mbiri ya chinyengo chake amaifotokoza kwa alendo osaibisa. Koma pali kusiyana pakati pa kufotokoza mbiri kuti womva alire ndi kuchenjera, ndi kuifotokoza kuti tsitsi limuimirire mokoma asadapite kukadya chakudya chamadzulo. Mlendo amene watsika m'zipindazo ali ndi foni m'manja, akuyembekeza kujambula chithunzithunzi choyera, maso ake ali pa malo olakwika. Choopsa cha m'nyumba imeneyo chidali ndi thupi, chidavala suti, chidalankhula pa wailesi ndi mawu okoma, ndipo chidalemba malisiti.

Ichi ndicho cholakwa chachikulu cha nthano za mizukwa ya m'mahotela: zimasamutsa mantha athu kuwachotsa pa zimene tiyenera kuopa. Wakufa, amene sangatichite kanthu, ndiye amaoneka woopsa. Wamoyo amene adamlakwira amasanduka gawo chabe la nthano yosangalatsa. Ndipo a Baker sadathe pa dziko lapansi. Paliponse pamene pali wodwala wothedwa nzeru ndi banja lokonzeka kugulitsa mbuzi yomaliza, pamafika wina ndi botolo lake ndi lonjezo lakuti mankhwala akuchipatala alekedwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Phunziro la pa phiri la Eureka Springs ndi limeneli, ndipo mizukwa imangoliphimba.

Chimene nthanozi zimagwira, ndi chimene zimaphonya

Komabe tisazinyoze kotheratu nthanozi, pakuti pansi pake pali njala imene si yabodza. Anthu a m'mayiko olemera, ambiri mwa iwo atasiya kupita kutchalitchi, amalephera kuvomera kuti munthu akafa ndiye kuti watha. Amamva mumtima kuti choipa chochitika m'nyumba sichifafanizika ndi penti watsopano, ndi kuti wofa mosalungama ali ndi mlandu umene sudazengedwe. Pa zonsezi akulondola. Buku Loyera lomwe limatiuza kuti magazi a Abele adafuula kwa Mulungu kuchokera m'nthaka. Cholakwa chili pa njira imene njala imeneyi ikudyetsedwera.

Makolo athu pa nkhaniyi adali ndi nzeru yoposa ya mahotelawa. Pamene ankanena za mizimu ya makolo, ankanena za anthu odziwika mayina, a mtundu wawo, amene ankawatchula mwaulemu ndi mwamantha. Kumanda sikudali kopita mwachibwana, ndipo munthu woyesa kuitanira anthu kumasano kuti amlipire akadayesedwa wamisala kapena woipa mtima. Chikhristu chidakonza zina m'miyambo imeneyo, koma ulemu wa kwa akufa chidaupeza ulipo kale, ndipo chidaudalitsa. Tingachite manyazi ngati ana athu ataphunzira kwa alendo kuseka pa zimene agogo awo ankavulira chipewa.

Nanga Eklezia amati chiyani? Funso lakuti kodi akufa amabwerera kudzaoneka kwa amoyo si latsopano. Cha m'ma 421 Augustino Woyera adalemba kabuku ka za kusamalira akufa, poyankha Paulino, episkopi wa ku Nola. M'menemo adasimba za wophunzira wake wakale ku Carthage, amene adalota Augustino akummasulira mawu ovuta a m'buku lina, pamene Augustino mwini adali ku Milan, osadziwa kanthu za lotolo. Ngati chithunzi cha munthu wamoyo chingathe kuoneka kwa mnzake mwini wake osadziwa, adatero, n'chimodzimodzinso chithunzi cha wakufa. Ndipo adaonjeza umboni wochokera mumtima mwake: akufa akadakhala kuti amayendayenda m'zochitika za amoyo monga afunira, mayi wake Monika, amene adamtsata pa mtunda ndi pa nyanja ali moyo, sakadalephera kumchezera usiku uliwonse. Augustino sadakane kuti Mulungu, mwa chifuniro chake, angathe kulola woyera wina kuoneka, monga Mose adaonekera pa phiri pamene Ambuye adasandulika. Chimene adakana ndi maganizo akuti akufa ndi anthu osokera, omangika pa malo amene adafera.

Eklezia sakana kuti mizimu yoipa ilipo, ndipo n'chifukwa chake amadalitsa nyumba ndi kupempherera ovutika. Koma amaletsa kuitana akufa kuti tiwafunse, monga buku la Deuteronomo linenera pa mutu 18, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 adabwereza chiletso chomwecho. Mfumu Saulo, atapita usiku kwa mkazi wa ku Endori kukaitanitsa Samuele, adabwerako ndi mantha okhaokha. Maulendo ena a m'mahotelawa amafika pomwepo, pamene alendo amakhala mumdima ndi timakina, kuitana akufa kuti agogode kapena alankhule. Ngakhale ochitawo atati ndi masewera, mkhristu alibe malo pa masewera otere.

Tikumbukirenso kuti ophunzira a Ambuye nawonso adaopa mzukwa, kawiri konse. Poyamba padali pa nyanja usiku, atamuona akuyenda pa madzi. Kachiwiri padali madzulo a tsiku la Pasaka, ataimirira pakati pawo. Pa nthawi yachiwiriyi Yesu adawaonetsa manja ndi mapazi ake, napempha chakudya, nadya nsomba yootcha iwo akupenya. Chiyembekezo chathu tsono si kudzasanduka chithunzithunzi choyendayenda m'makonde. Tikuyembekeza kuuka kwa thupi, munthu yense wathunthu, ndi dzina lake, ndi zipsera zake zitasanduka ulemerero. Poyerekeza ndi chimenechi, moyo umene nthano za m'mahotela zimalonjeza akufa ndi umphawi wadzaoneni: kupinda zovala za alendo, kuvina wekha pa masitepe, kufunafuna makiyi mpaka muyaya.

Katchalitchi ka m'munsi mwa phiri

Tibwerere komaliza ku Eureka Springs. M'munsi pang'ono mwa Crescent Hotel, pa mtsetse wa phiri lomwelo, pali katchalitchi ka Akatolika komangidwa ndi miyala, kamene munthu amalowa pa bwalo lake podzera pansi pa nsanja ya belu. Adakamangitsa ndi Richard Kerens, mmodzi mwa anthu achuma amene adaika ndalama zawo pa hotelayo, pokumbukira mayi wake, ndipo kadadalitsidwa mu 1909. Nkhoswe yake ndi Elizabeti Woyera wa ku Hungary. Mayi ameneyu adabadwa mu 1207 ali mwana wa mfumu, adafedwa mwamuna ali ndi zaka 20, namanga chipatala ku Marburg, m'dziko la Germany, kumene ankasambitsa ndi kudyetsa odwala ndi manja ake mpaka adamwalira mu 1231, ali ndi zaka 24. Chaka chake timachita pa 17 Novembala.

Pa phiri limodzi tsono pali nyumba ziwiri, ndipo zonse zikunena za odwala ndi akufa. M'nyumba yapamwamba munthu wina adalemera ndi odwala, ndipo lero akufa amaonetsedwa kwa olipira. Nyumba yam'munsi idamangidwa ndi mwana wokumbukira mayi wake, ili ndi dzina la mkazi amene adasauka chifukwa cha odwala, ndipo pa guwa lake akufa amapemphereredwa pa Misa iliyonse, odziwika ndi osadziwika omwe. Monika Woyera, ali pafupi kumwalira ku Ostia mu 387, kutali ndi kwawo ku Africa, adauza ana ake kuti asavutike za kumene adzamuike, koma azidzamkumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene adzakhale. Nayenso adafera pa ulendo, m'nyumba imene sidali yake. Sadasanduke mzukwa wa ku Ostia, chifukwa adali ndi ana omkumbukira pamaso pa Mulungu.

Inu makolo, mwana akakufunsani za mahotela a mizukwa amene waona pa foni, musamkalipire ndiponso musamuopseze. Mufunseni kuti wakufayo dzina lake adali yani, kwawo kudali kuti, adamlakwira ndani, ndipo akumpempherera ndani. Mafunso anayiwa amazimitsa mantha ndi kuyatsa chifundo. Kenaka mumtengere kumanda a agogo ake, mumuuze mayina awo ndi ntchito zawo, kuti adziwe kuti akufa athu si alendo oopsa, koma abale amene tili nawo m'banja limodzi la Mulungu. Maliro n'kulirana, ndipo kulirana kwa akhristu sikuona malire a mayiko. Pa Misa za mwezi uno wa Novembala, potchula akufa athu, tisiyeko kamalo ka mayi wosamala zipinda wa ku Colorado, ka odwala onyengedwa a ku Arkansas, ndi ka onse amene adafera m'nyumba za alendo popanda wowatseka maso. Dziko limawafuna kuti adzuke adzationetse zodabwitsa. Ife tiwapemphere mpumulo.